Malonda ndi m'maso: kajambulidwe ka katundu wogulitsa pa foni kuno ku Harare

Tsiku lina mukakwera kombi yolowera m'tauni kudzera mumsewu wa Simon Mazorodze, m'malo mosinza kapena kukanda foni, yang'anani zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa malonda zili m'mbali mwa msewuzo. Muwerenge kuti ndi zingati zimene katundu wogulitsidwayo ndiye watenga malo aakulu. Mupeza kuti n'zochepa. A mafuta ophikira amaika banja lili pa tebulo, bambo akumwetulira, ana akunyambita zala, botolo la mafutalo lili pakona ngati mlendo. A kampani ya mafoni amaika gogo akuseka, foni ili kukhutu. A banki amaika mtsikana atavala gauni ndi chipewa cha omaliza maphunziro. Ndalama zimene makampani amenewa amalipira chikwangwani chimodzi, ine ndi inu tingapikulire katundu wa miyezi yambiri, ndiye chithunzi sasankha mwachisawawa. Adadziwa kale kuti munthu amapisa m'thumba akadziona yekha pa chithunzicho, ali mmene amalakalaka kukhalira.

Ine ndimagulitsa zakumudzi: mpunga wa Kilombero, usipa, tsabola wa Nali, tiyi wa Chombe ndi zitenje, zobwera pa basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Shopu ndilibe. Shopu yanga ndi status ya WhatsApp ndi khonde la nyumba ku Mufakose. Malangizo awa ndikulembera anzanga ogulitsa pa foni: a kaunjika wa ku Mupedzanhamo, a mipando ya ku Glen View, amayi ophika makeke ndi mandasi, atelala, ndi ife a zakumudzi. Kamera yodula siikufunika. Foni yomwe muli nayoyo ikwana.

Musanajambule, dziwani chimene chikumutuma wogula

Tengani kope, mutsegule mauthenga a makasitomala a miyezi itatu yapitayi, mulembe mawu amene iwo amanena poitanitsa katundu. Za makilogalamu zisiyeni, lembani chifukwa chimene amatchula mongodutsa. Kwa ine zimatuluka zotere: "Apongozi akubwera Loweruka, ndisungireni mpunga wonunkhira uja." "Agogo akudwala, akukana chakudya, akuti akufuna usipa." "Amayi onse a kumpingo asoketsa, ndatsala ndekha." Woyambayo akuopa manyazi pamaso pa apongozi. Wachiwiri akufunira nkhalamba kafungo ka kwawo. Wachitatu sakufuna kukhala wosiyana ndi anzake pa benchi Lamulungu. Onse atatu alipira dola yofanana, koma chithunzi chimene chingaimitse woyamba sichingamugwire wachitatu.

Pakati pa ife ochokera ku Malawi, chingwe champhamvu kwambiri chokokera wogula ndi kupukwa kumudzi. Ambiri mwa ife makolo athu adabwera nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ku Mbare, ku Highfield ndi ku Dzivarasekwa kuli adzukulu amene sanapondepo ku Dedza kapena ku Mangochi, koma kukoma kwa chambo amakudziwa chifukwa agogo ankakusimba madzulo aliwonse. Kwa munthu wotere, jumbo yodzaza usipa siinena kanthu. Phikani usipawo ndi tomato, pambali muike nkhwani wotendera ndi mitanda iwiri ya nsima, m'mbale yachitsulo ngati ija ya agogo, ndiye mujambule nthunzi isanathe. Chithunzi chimenecho chimandibweretsera mauthenga oyamba ndi mawu akuti "Mwandikumbutsa..." ndipo uthenga woyamba chotero sulephera kuthera pa malonda.

Koma mnansi wanu wachishona alibe agogo a ku Nkhotakota. Iye adazolowera kapenta wa ku Kariba, amene kuno amamutcha matemba ngakhale sali matemba athu a ku Chilwa. Chimene akufuna kuona n'chakuti nsombayo ndi yaikulu bwanji, ndi youma bwino kodi, ilibe mchenga kodi. Ameneyu muonetseni usipa uli pa chikhatho, pafupi, wowala. Katundu ndi mmodzi, zithunzi ziwiri.

Palinso mantha, ndipo mu Harare mantha a ndalama ali ndi mbiri yake. Amene analipo mu 2008 akukumbuka malipiro akusungunukira m'thumba munthu ali pamzere wa buledi, mpaka mu Januwale 2009 kudatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Kudabwera ndalama zotchedwa ma bond note mu 2016, kenako ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024. Munthu woleredwa ndi zimenezi akagwira ndalama amafuna aisandutse chinthu chogwirika msanga, ndipo chinthucho chikhalitse. Ndiye inu a mipando ndi a mageti a ku Siyaso, musamangojambula katundu ali patali atapakidwa penti. Yandikirani, muonetse pamene mwawotcherera, muonetse kunenepa kwa thabwa, mutembenuze mpando anthu aone kunsi kwake. Atelala tembenuzani chovala, msoko wa m'kati uoneke. Ogulitsa nyali za sola, nyali ili m'bokosi ilibe ntchito pa chithunzi. Dikirani magetsi azime, zimene kuno sizichedwa, mujambule tebulo lowala, kope ndi pensulo zili pamenepo, kwina konse kuli mdima. Kholo lililonse lidziwa lokha chimene mukunena.

Ena amagula nthawi. Mayi wochoka ku ntchito m'tauni, waima pamzere wa kombi ku Copacabana mpaka dzuwa lalowa, akaona nyemba zosankha kale kapena nsinjiro zosinja kale amaona theka la ola limene lamubwerera. Muonetseni zimenezo: zayera, zapimidwa, zangotsala kuthira mumphika.

Mukamaliza kulemba, chongani chifukwa chimodzi chimene chabwerezedwa kwambiri pa katundu aliyense. Chithunzi chanu chikhala yankho la chifukwa chimenecho.

Chithunzi chimodzi, nkhani imodzi

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Timayala mpunga, zitenje, nsapato ndi sopo pa mphasa imodzi ngati tikusamuka, n'kujambula. Munthu akamadutsa ma status chala chimathamanga, ndipo chithunzi chodzaza amachilumpha asanadziwe kuti munali chiyani. Chinthu chimodzi pakati, kumbuyo kopanda zosokoneza. Khoma loyera, thabwa, lichero kapena mphasa yatsopano zikwana. Musanadine, yang'anani m'makona anayi onse: chidebe chochapira, patapata wa mwana, mchira wa galu, zonsezi zimalowa osaitanidwa. Ndipo jambulani foni itaima chilili, osati chogona, chifukwa status imadzaza sikirini yonse ikakhala yoimirira.

Kuwala

Pukutani kaye diso la kamera ndi nsonga ya chitenje. Foni imene yagona m'thumba limodzi ndi chenje ndi mandasi imajambula ngati kuli chifunga, ndipo ambiri amaiimba mlandu foni pomwe vuto ndi mafuta a zala.

Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena chakumadzulo lisanalowe, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera m'mbali. Dzuwa la masana, makamaka la Okutobala, limapsereza mitundu ndipo limagwetsa mithunzi yakuda bii. Flash isiyeni: imanyezimiritsa jumbo, imachititsa chakudya kuoneka ngati cha dzulo. Babu la m'nyumba usiku limapaka chilichonse chikasu. Ngati katundu wafika usiku pa siteshoni ya mabasi ya Roadport, pirirani, mujambule kukacha.

Ikanimo munthu, ngakhale dzanja lokha

Maso a munthu amathamangira nkhope ya munthu mnzake, ndipo amatsata kumene nkhopeyo yayang'ana. N'chifukwa chake pa zikwangwani zambiri munthu wa pa chithunzi amayang'ana katundu kapena dzina la kampani. Otsatsa mawotchi afika mpaka poimika mivi pa 10:10, kuti dzina la kampani lionekere bwino pakati ndiponso kuti wotchiyo ioneke ngati ikumwetulira. Mukadutsa pa shopu ya mawotchi ku Eastgate kapena ku Joina City, suzumirani zithunzi zawo muone nokha.

Ife tichite zathu zazing'ono. Diresi la kaunjika lopachikidwa pa msomali ndi nsanza, koma lomwelo litachapidwa, litasitidwa, atavala munthu, ndi diresi. Chitenje chopinda chimaonetsa maluwa okha, koma chomangidwa m'chiuno ndi duku lake chimamuonetsa mayi mmene adzaonekere pa chinkhoswe. Sankhani wovala wofanana ndi ogula anu. Ngati makasitomala anu ndi amayi a zaka makumi anayi a thupi lawo, musaveke kamtsikana kowonda ngati bango, chifukwa mayi aja angoti "si zanga izi" n'kupitirira.

Ngati wovalayo sakufuna nkhope yake iyende m'mafoni a anthu, jambulani kuyambira m'khosi kutsika. Pemphani chilolezo nthawi zonse, ndipo ana a eni musawaike pa malonda makolo awo asanavomere. Enanu mumachita manyazi kudzijambula nokha. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, achemwali. Kamodzi pa sabata onekani mutanyamula katundu wanu, chifukwa anthu amatumiza ndalama pa EcoCash mosavuta kwa munthu amene nkhope yake aiona.

Dzanja lilinso ndi ntchito ina: limanena kukula kwa chinthu. Mulu wa usipa wojambulidwa pafupi umaoneka ngati phiri la Mulanje, ndiye wogula akafika n'kupeza kamulu ka m'manja amaona ngati mwamubera. Ikani pambali chinthu chimene aliyense akudziwa msinkhu wake, monga bokosi la machesi, supuni kapena botolo la Mazoe.

Mtundu ukhale womwewo umene adzaupeze pakhonde

Apa ndilankhula ndi chipsera. Chaka china amayi a kumpingo ankafuna zitenje khumi ndi ziwiri za ukwati. Ine katundu anali adakali m'njira, ndiye ndidatenga chithunzi chimene wondipikulitsa adanditumizira, ndidachiwonjezeranso filter kuti chiwale, n'kuponya pa gulu. Buluu wake anali ngati nyanja ya ku Salima dzuwa likuswa mtengo. Amayi adasonkha ndalama. Tsiku lodzatenga adafika atatu, ndidatambasula chitenjecho, ndipo pakhonde padagwa bata. Buluu uja anali wotuwa ngati wachapidwa kale kasanu. Wamkulu wawo adachigwira, adachitembenuza, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, chikomekome cha mkuyu." Sadamalize mwambiwo, ndipo panalibe chifukwa choumalizira. Ndalama ndidabweza, zitenje ndidazigulitsa chimodzichimodzi motchipa, koma choipa kwambiri chinali chakuti amayi omwewo ali m'bungwe la maliro limodzi ndi theka la makasitomala anga. Padatenga miyezi kuti mauthenga ayambirenso kubwera.

Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili. Ndikajambula, ndimaika foni pambali pa katunduyo n'kuyerekeza ndi maso. Zikasiyana, ndimafufuta n'kujambulanso pamthunzi. Filter sindigwiritsa ntchito pa nsalu ndi pa chakudya. Zithunzi za pa intaneti, ndi izi zopangidwa ndi kompyuta zimene zachuluka masiku ano, keke yosalala ngati galasi ndi zala zisanu ndi chimodzi, sindiziyandikira. Makampani aakulu ali ndi anthu olipidwa kukongoletsa chakudya chojambulidwa, ndipo wogula baga amadziwa kale kuti ya m'manja siifanana ndi ya pa chikwangwani. Iwo akataya kasitomala mmodzi samva. Inu ndi ine tikataya mmodzi, tataya mpingo wake, mzere wa nyumba zake ndi azilamu ake. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2019, ndipo limaletsa kutsatsa malonda monama kapena mosocheretsa.

Kukongoletsa koona kulipo. Tomato wofiira pambali pa nsomba, tsamba lobiriwira pansi pa mandasi, mpunga woyera pa lichero lakuda: izi zimakoka diso popanda kunamiza munthu. Ngati chovala cha kaunjika chili ndi kabowo kapena kabanga, kajambuleni padera, mukatumize limodzi. Mudzadabwa kuti ambiri amagulabe, ndipo amabweranso.

Mtengo ulembeni pa chithunzi pomwepo

Chizolowezi cha "inbox for price" chindinyansa, ndipo sindibisa. Munthu amene ali ndi madola asanu m'thumba safuna kufunsa mtengo n'kuuzidwa makumi awiri, chifukwa kubwerera chamanyazi kumawawa ngakhale pa foni. Amangokhala chete n'kukagula kwa amene walemba. Lembani mtengo ndi manambala aakulu, pakona yopanda kanthu, osaphimba katundu. Tchulani ngati ndi madola a America, ndipo wofuna kulipira ZiG mumuuze mtengo wa tsikulo. Onjezerani njira zolipirira zimene mumalandira, kaya kashi, EcoCash kapena InnBucks.

Kunja amakonda mitengo yothera ndi 99, kuti $4.99 imveke ngati madola anayi. Kuno zimenezo n'kudzivutitsa, chifukwa chenje cha masenti n'chosowa. Ogulitsa m'misewu ya m'tauni adapeza kale njira yake pofuula kuti "dollar for two". Teroni nanunso: pimani katundu kuti akwane dola yathunthu, madola awiri, madola asanu. Ndipo basela, amene anzathu achishona amati mbasera, muonetseni pa chithunzi. Kamulu kakang'ono pambali pa mulu waukulu kamakoma m'maso kuposa kuchotsera masenti makumi awiri, ngakhale mtengo wake uli womwewo.

Mtengo wakale wodulidwa ndi mzere, watsopano uli pansi pake, umagwira ntchito chifukwa nambala yoyamba imene munthu waona ndiyo amapimira inzake. Chitani zimenezi pokhapokha ngati mudagulitsadi pa mtengo wakalewo. Makasitomala amasunga ma screenshot.

Mawu achepe

Dzina la katundu, mtengo, malo otengera. Mukafuna kuwonjezera, chiganizo chimodzi chochokera m'kope lija, m'mawu a ogula eni ake: "Wonunkhira uja wafika." Kwa akwathu lembani Chichewa, musachite nacho manyazi. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo liwu limodzi la kwathu pa status yodzaza Chingerezi ndi Chishona limaimitsa chala. Kwa ena onse konzani chithunzi chachiwiri m'Chishona kapena m'Chingerezi, musapanikize zilankhulo zitatu pa chithunzi chimodzi.

Nthawi yoponya

Status imakhala maola 24 basi, ndipo anthu ambiri amayendera bandulo yowerengera. Zithunzi makumi atatu pa tsiku ndi njira yachidule yoti anthu akutsekeni pakamwa osakuuzani. Zitatu kapena zinayi zabwino zikwana, zina zonse muziike mu catalogue ya WhatsApp Business kuti wofuna akaone yekha. Ine ndimaponya m'mawa anthu ali m'makombi, ndi madzulo atadya. Zakudya zimayenda bwino Lachinayi ndi Lachisanu, anthu akuganiza za alendo a Loweruka.

Tsatani kalendala ya m'thumba mwa anthu. Masiku a malipiro onetsani zikuluzikulu: thumba la mpunga, mpando, zitenje za gulu. Pakati pa mwezi onetsani za dola imodzi. Sukulu zikamatsegulira mu Januwale, Meyi ndi Sepitembala, ndalama zonse zili ku fizi ndi yunifolomu, ndiye musakhumudwe zitenje zikaima. Disembala ndi nyengo ya maukwati ndi ya opita kumudzi, amene safuna kukafika chimanjamanja.

Mawu akuti "zatsala zitatu" amathamangitsa anthu, chifukwa palibe amene amafuna kumva kuti anzake atenga iye watsala. Kwa ife a katundu wa pa basi nthawi zambiri zimakhala zoona, ndiye jambulani zitatu zotsalazo. Koma zikakhala zitatu Lolemba, zitatu Lachitatu, zitatu mwezi wamawa, anthu amaseka ndipo tsiku limene zidzatsaledi zitatu palibe adzathamange.

Lolani ogula akutsatsireni

Kasitomala akakutumizirani chithunzi atavala chitenje chanu pa ukwati, kapena mphika wa mpunga uli pa mbaula, mupempheni kuti muchiponye. Chithunzi chotere, ngakhale chopendekeka, chimaposa chanu chokonzedwa bwino, chifukwa woonayo amati "ngati mayi uja wagula, ndiye kuti zili bwino". Poponya screenshot ya uthenga woyamikira, fufutani dzina ndi nambala ya mwini wake.

Kenako yesani. Sabata ino ponyani usipa wa m'mbale, sabata yamawa tsiku lomwelo ndi ola lomwelo ponyani wa pa chikhatho. Lembani m'kope anthu amene aona, amene afunsa, ndi amene alipira. Nambala yomalizayo ndiyo muikhulupirire. Ine ndidapeza kuti chithunzi chimene anthu amachiyamikira kwambiri sindicho chimagulitsa kwambiri nthawi zonse: cha zitenje zoyalidwa ngati utawaleza chimalandira timitima tambiri, koma ndalama zimabwera ndi cha chitenje chimodzi chovalidwa, mtengo uli pakona.

Pokapikula, diso lomwelo litembenuzeni

Zonse ndafotokozazi enanso akuzigwiritsa ntchito pa inu. M'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp mwadzaza zithunzi za mabelo a kaunjika "a giredi yoyamba", nsapato zowala ndi mafoni a theka la mtengo, pansi pake atalemba kuti lero lokha. Mtima ukayamba kugunda, dzifunseni kuti agwira chingwe chiti mwa zija: mantha otsalira, dyera la phindu lachangu, kapena kufuna kuoneka. Phimbani ndi chala munthu wokongola ali pa chithunzicho, muone chimene chatsala. Funsani kulemera kwa belo, ndiponso ngati mungalione lisanalipiridwe. Pemphani kavidiyo kakafupi, wogulitsayo atagwira katunduyo ndi kapepala kolembedwa deti la tsikulo ndi dzina lanu. Amene ali ndi katundu m'manja amachita zimenezi m'mphindi ziwiri. Amene adangoba chithunzi amayamba nkhani za netiweki ndi batire, kenako n'kukukakamizani kutumiza dipoziti. Ngati ali mu Harare momwe muno, panganani kukumana masana pamalo podzaza anthu, mupite ndi mnzanu, ndalama zituluke katundu ali m'manja mwanu ndipo mwamutembenuza mbali zonse.